Amuna Anga, Mayi wa Nsapato Zofiira ndi Mbuzi

1

Nkhani iyi ndaisunga m'kamwa mpaka yayamba kundiwawitsa mano. Anzanga a pakhonde pomwe ndimasokera akuidziwa, koma aliyense akuisimba ndi mchere wakewake, moti tsiku lina ndinaimva kwa mayi wogulitsa tomato ndipo sindinadzizindikiremo. Ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha, mwini wake.

Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo. Amuna anga ndi ometa. Anthu amawatcha a Lezala, ndipo dzinalo linawakanirira moti ngakhale amayi awo owabereka amawaitana choncho akakwiya. Ndi munthu wofatsa, mowa saudziwa, dzanja sanandikwezerepo. Nthenda yawo ndi imodzi yokha: chilichonse chimene munthu wayankhula atakhala pampando wometera, kwa iwo ndi lamulo. Wina akati mwezi wamawa mchere usowa, madzulo mudzawaona akubwera ndi thumba la mchere paphewa.

Apongozi anga atafedwa, anayamba akhala kwa mwana wawo wamkazi. Kumeneko nyumba ndi yothina, ndiye ankagona m'khitchini, pakati pa mapoto ndi matumba a makala. Miyendo itayamba kuwavuta tinawatenga, n'kuwamangira chipinda kuseri kwa nyumba yathu. Sichinali chachikulu, koma tinachimanga ndi mtima: pansi simenti, pamwamba malata atsopano, zenera la galasi loyang'ana ku mtengo wa mapeyala. Katani ndinasoka ndekha, wa maluwa achikasu. Tsiku lolowamo apongozi anagogoda galasi ndi chikhadabo, nati, "Ndiye kuti mvula ndiziionera pano, ine ndili pouma?" Atatero anatembenukira kukhoma kuti tisaone maso awo.

Chaka chisanathe, galimoto ya khonsolo inadutsa mumsewu mwathu ndi chimkuzamawu. Inati nyumba zonse ziyezedwanso, msonkho uzitsata kukula kwa nyumba, ndipo aliyense amene wawonjezera chipinda apite akalembetse. Nthawi imeneyo kometa kunali kutazizira, anyamata ambiri atagula timakina tawo n'kumametana okha. Amuna anga anasiya kudya bwino. Tiyi ankamutakasa mpaka kuzizira.

Tsiku lina anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kukhonsolo. Anabwerako masana akuimba mluzu, akukoka mbuzi pachingwe.

"Bambo, munapita kukalembetsa chipinda kapena kumsika wa ziweto?" ndinafunsa.

"Konseko. Za chipinda zatha, musaziganizirenso. Iyi ndi mphatso ya amayi. Wogulitsa wati ili ndi bere."

Inali mbuzi yaikazi yakuda, khutu limodzi long'ambika, mimba ngati ng'oma. Inandiyang'ana m'maso ngati ikudziwa kanthu kena kamene ine sindikudziwa.

2

Apongozi anaikonda mbuziyo. Anakulira koweta, ndiye manja awo anali atasowa chogwira. Ankaimangirira pansi pa mtengo wa mapeyala, kuithyolera masamba, kuigwiragwira pamimba n'kumati, "Muli awiri umu, mudzandiuza."

Koma m'nyumba munayamba kuchitika tinthu tosamveka.

Choyamba, amuna anga anayamba kusamala kwambiri za kuthamanga kwa magazi kwa amayi awo. Munthu amene kale ankaiwala ngakhale tsiku la chipatala, tsopano ankangodzuka n'kunena kuti, "Amayi, lero nkhope yanu sindikuimvetsa. Mupite akakuyezeni." Ankawaitanira njinga, kuwapatsa ya nthochi, n'kuwauza kuti asafulumire kubwerera, akachezenso kwa mwana wawo wamkazi. Ine ankandiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira mutu wa makina, chinthu chimene anasiya tili pachibwenzi.

Chachiwiri, pa simenti ya pabalaza ndinayamba kuona mikwingwirima, ngati wina amakokerapo chinthu cholemera.

Chachitatu anachipeza ndi apongozi. Anandiitana mamawa, atanyamula silipasi yawo ndi zala ziwiri.

"Mwana wanga, tayang'ana umu."

Munali ndowe za mbuzi, zitatu, zoyalana bwinobwino.

"Mwina inalowa chitseko chili chotsegula," ndinatero.

"Chitseko ndimakhoma ndekha. Komanso bulangete langa likununkha chimbuzimbuzi. Usiku ndikumalota ndili kubusa."

Ndipo mbuziyo inali itayambadi mwano. Apongozi akangotsegula chitseko, iyo inkadula chingwe, kulowa m'chipinda mosafunsa njira, n'kuima pakati ikuyang'ana bedi ngati ikudabwa kuti walowetsa katundu m'nyumba mwake ndani.

3

Woyandikana nafe ndi mayi wina amene tonse timamutcha a Ndamva, chifukwa mawu ake onse amayambira pamenepo. Mpanda wathu ndi wawo uli ndi kabowo, ndipo udzu wa pansi pa kabowoko sumera.

Anandipeza ndikuyanika zovala.

"Ndamva kuti apongozi anu magazi akuwathamanga pafupipafupi masiku ano."

"Ukalamba umenewo."

"Ee, ukalamba. Koma ine sindikufuna kupasula banja la munthu. Ndingonena zimene maso anga aona, poti maso alibe mpanda. Inu mukapita kosoka, agogo akapita kuchipatala, pamabwera njinga yamoto. Amatsikapo mayi wina wowala, wa nsapato zofiira, chikwama m'khwapa. Amuna anu amamuchingamira pageti, mano onse pamtunda. Ndiye amalowa awiriwiri m'chipinda cha agogo, chitseko n'kutseka."

Chovala chimene ndinagwira chinagwera m'fumbi.

"Amakhalitsamo?"

"Mokwanira. Potuluka mayiyo amadzisasa siketi, amuna anu akumuthothola timaudzu pamsana."

"Timaudzu?"

"Ndiponso, mnzanga, sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Mbuzi ija imakhala ili momwemo. Ndimaimva ikulira."

Tinayang'anana. A Ndamva, amene sasowa yankho pa chilichonse, anangotambasula manja.

"Chikondi cha anthu ophunzira sitingachimvetse ife," anatero.

Tsiku limenelo ndinasoka thumba la malaya a munthu kumsana. Ndipo apa ndivomere kupusa kwanga: m'malo mofunsa mwini wake, ndinauza mnzanga wosoka naye pakhonde, n'kumupempha kuti asauze munthu. Dzuwa lisanapendeke, ngakhale wogulitsa misomali m'sitolo anandipatsa mpando wake, nati ndilimbe mtima, amuna ndi choncho.

Madzulo ndinayesa kuzungulira.

"Bambo, kodi masana kunyumba kuno kumabwera alendo?"

Anatsamwa ndi tiyi. "Alendo? Mwina owerenga mita ya madzi."

"Owerenga mita amavala nsapato zofiira?"

"Masiku ano yunifolomu zikusinthasintha, mayi," anatero, n'kudzuka kukaona ngati mbuzi yamwa madzi.

Ndinasiya pomwepo. Zovala zanga zabwino ndinazipinda m'sutikesi n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Mumtima ndinati ndingomuona mayiyo ndi maso anga kamodzi, kenako ndizipita kwathu.

4

Apongozi nawo anali ndi mlandu wawo. Mbuzi imatenga miyezi isanu kuti ibereke. Iyi miyezi isanu inakwana, inapitirira, mapeyala anachita maluwa mpaka kupsa, mimba ili chomwecho, osakula osaphwa.

"Lezala," anatero tsiku lina tikudya, "anakupusitsa. Mbuzi iyi ilibe bere. Ndamva pa chimkuzamawu chija kuti kukhonsolo kuli tebulo lodandaulirapo anthu amene agulitsidwa katundu wachinyengo. Ndikufuna ndikamunenere wogulitsayo."

Amuna anga anaimirira mpaka mpando kugwa.

"Kukhonsolo ayi, amayi. Kulikonse, koma kukhonsolo ayi. Kuli mizere, kuli masitepe, miyendo yanu siingathe. Mbuzi zina zimachedwa. Pampando wina amanena kuti yake inatenga chaka."

"Imeneyo inali ng'ombe," anatero apongozi.

M'mawa mwake nyimbo ija inayambanso: amayi, nkhope yanu sindikuimvetsa. Njinga inaitanidwa. Ine ndinaperekezedwa mpaka pamsewu. Koma nditangokhota pa sitolo, ndinapeza apongozi atatsika panjinga, akundidikira pamthunzi.

"Magazi anga ali bwino kuposa a dokotala," anatero. "Lero tikupita kukhonsolo. Bwerera ukatenge mbuzi. Udzere kuseri, mwini wake asakuone."

Ndinazemba kudzera kumpanda wa kuseri. M'nyumba munkamveka kukhuluzika kwa chinthu cholemera ndi kupuma kwa amuna anga. Akukonzekera mlendo wawo, ndinatero mumtima, misozi ili m'maso. Ndinamasula mbuzi n'kutuluka nayo mwakachetechete. Panjira ndinalephera kupirira, ndinawauza apongozi zonse za a Ndamva.

Anaima pakati pa njira. Kenako anati, "M'chipinda changa? Pabedi langa? Tithane kaye ndi za mbuzi. Ngati zili zoona, iwe usadzavutike n'kumumenya. Ndinamubereka ndine, ndikudziwa pomwe pamamuwawa."

5

Pakhomo la khonsolo mlonda anatiimitsa.

"Ziweto sizilowa, agogo."

"Ichi si chiweto, ndi katundu wodandaulidwa. Munthu akagula wailesi yakufa, amaisiya panja?"

Mlonda anakanda m'mutu, analowa kukafunsa, anabwerako ndi timakadi ta alendo titatu. Kena anakakoleka m'khosi mwa mbuzi.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi chachitali, matebulo awiri. La kumanja linali la madandaulo a ogula, la kumanzere la msonkho wa nyumba ndi malo, litabisika kuseri kwa milu ya mafayilo. Pa la madandaulo panali bambo wina wachikulire wa magalasi, wodekha ngati m'busa wa mpingo. Anatipatsa mipando, mbuzi n'kuima pakati pathu.

"Wogula ndani?"

"Mwana wanga."

"Wodandaula amayenera kukhala wogulayo, amayi."

"Ndinamubereka ndine. Chimene wagula iye ndagula ndine."

Bamboyo anaganiza pang'ono, n'kulemba. "Katunduyu anamulonjeza kuti atani?"

"Abereke."

"Ndipo watani?"

"Wadya silipasi, m'mphepete mwa katani ndi theka la chipewa changa cha kutchalitchi."

"Mumamusunga potani? Ndikufunsa chifukwa katundu akasungidwa molakwika, wogulitsa amakana mlandu."

"Pansi pa mtengo wa mapeyala."

Bamboyo anakweza maso kuti aione bwino mbuziyo. Anayang'ana khutu long'ambika lija, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Koma mbuzi iyi ndikuidziwa," anatero.

Asanapitirize, mbuzi inasolola chingwe m'manja mwanga. Inayenda molunjika ku tebulo la kumanzere, ikugwedeza kamchira, n'kukadzikhuza pamiyendo ya munthu amene anakhala kuseri kwa mafayilo. Ndinayang'ana kunsi kwa tebulo. Nsapato zofiira.

Owerenga anzanga, ine ndine munthu wamanyazi, pamsonkhano sindiyankhula. Koma tsiku limenelo sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinaima pakati pa ofesi ya boma, anthu ali pamzere, n'kuloza mayi wa eni ake ndi chala.

"Ndinu amene mumadzitsekera ndi amuna anga m'chipinda cha apongozi anga? Musakane, ngakhale mbuzi ikukudziwani!"

Anthu onse anatembenuka. Wina pamzere anati, "Ine za msonkho ndibweranso mawa, lero ndingoonera."

Mayiyo anaimirira pang'onopang'ono. Sanakwiye, ndipo ndicho chinandiwawa kwambiri. Anasisita mbuzi pamutu, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Ndinu akazi awo a bambo ometa aja? Mayi, ine ndine woyeza nyumba. M'chipinda cha apongozi anu sindinalowemo chibadwire. Ine ndimalowa m'khola."

Analoza kukhoma, pamwamba pa kalendala. Panali chithunzi chachikulu cha m'felemu. Mbuzi yathu itaima pa udzu woyalidwa bwino, ikusuzumira pazenera la galasi. Pambali pake amuna anga, atavala jekete la kutchalitchi, akumwetulira. Pansi pake panalembedwa kuti: Khola la Chitsanzo, Tiphunzire kwa Mnzathuyu.

Apongozi anayandikira ndi ndodo yawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Msomali uwo," anatero motsitsa, "ndi pomwe ndimakoleka mpango wanga."

Mayi woyeza uja anafotokoza zonse. Khola la ziweto sililipira msonkho. Amuna anga anabwera n'kulembetsa chipindacho kuti ndi khola. Iye sanakhulupirire, poti khola la simenti ndi galasi anali asanalionepo, ndiye ankabwerezabwereza kudzaona. Koma lamulo limati mwini nyumba azidziwitsidwa tsiku loyendera lisanafike, ndipo ulendo uliwonse ankapezamo udzu, beseni la madzi ndi mbuzi. Mapeto ake anajambula chithunzi kuti akuluakulu aweruze okha. Akuluakuluwo anachikonda.

"Ndipo lero lomwe lino," anatero, "bwana wamkulu akupita kukawapatsa satifiketi."

"Nanga tsopano zikhala bwanji?" ndinafunsa.

"Zili pawiri, mayi. Ngati ndi khola, munthu saloledwa kugonamo, a zaumoyo adzawatulutsa agogowa. Ngati ndi nyumba, ndiye kuti inalembetsedwa mwabodza, ndipo khonsolo ikhoza kuigwetsa."

Ndinaona khitchini ija m'maso mwanga, mapoto ndi matumba a makala. Apongozi anangokonza mpango wawo kumutu.

"Tikwere nawo galimoto ya bwanayo," anatero. "Ndikufuna ndikaone khola langa."

6

Bwana wamkulu anali munthu wamimba yake, wa tayi yobiriwira. Mayi woyeza atamunong'oneza nkhani yonse, anayang'ana satifiketi imene inali m'manja mwake, nati inasainidwa kale ndipo chidindo sichibwerera, ndiye ikaperekedwe basi, zina tikaziona konko. Iwo anakhala kutsogolo. Ine, apongozi ndi mbuzi tinakhala kumbuyo.

Titafika, apongozi anandigwira mkono. "Ife tiime kaye kuseri kwa mpanda. Igwire pakamwa."

Tinasuzumira pa kabowo ka a Ndamva, eni ake atatipatsa malo monyinyirika. Pabwalo panalibe munthu. Chitseko cha chipinda chinali chotseka. Bwana anagogoda, ndipo pazenera panatulukira nkhope ya amuna anga, thukuta lili kamukamu.

"Takulandirani, bwana. Pepani, lero musalowe. Mbuzi yayamba kubereka. Ikaona alendo ibweza mwana."

Nkhope inazimiririka. Kenako m'katimo munamveka mawu.

"Meee."

Ndakhala ndi bambo amenewa zaka zambiri. Ndawamva akuimba, akutsokomola, akuliza mkonono. Mawu awo sindingawasokoneze ndi a chinthu china chilichonse cholengedwa.

"Ikumva ululu," anatero bwana, akuyang'ana kumwamba kuti asaseke.

Nkhope inatulukiranso. "Kwambiri, bwana. Ndi mwana woyamba." Inazimiririkanso. "Meeee."

Apo mbuzi yeniyeni inalephera kupirira. Inandipulumuka, inayankha ndi mawu ake onse, inathamanga kudzera pageti, kadi la alendo likulendewera m'khosi, n'kukagunda chitseko ndi nyanga.

M'katimo munati zii.

Apongozi anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Sanakweze mawu.

"Lezala, tsegula. Mwini khola wabwera."

Chitseko chinatseguka. Amuna anga anaima pakati pa udzu, timaudzu tili m'tsitsi. Anayang'ana amayi awo, ine, bwana, mayi wa nsapato zofiira, mbuzi, kenako anangogwada pomwepo.

Bedi, mpando, sutikesi ya apongozi, katani, zonse zinali zitasamutsidwira pabalaza pathu. Apongozi anakankha udzu ndi ndodo yawo, ndipo pa simenti panaoneka zolemba za choko: timizere tozungulira tinayi, kabokosi, ndi tina tiwiri tooneka ngati mapazi.

"Izi ndi mankhwala?" anafunsa.

"Ayi, amayi. Umo ndi moima miyendo ya bedi. Apo ndi pa sutikesi. Ito ndi ta masilipasi anu. Ndimafufuta ndikabwezera zonse. Ndinkafuna chilichonse chizibwerera pamalo pake penipeni, kuti mukabwera musapunthwe, musadziwenso."

"Bedi limeneli unkalinyamula wekha?"

"Pamsana."

"Ndinakubereka kuti ukandilembetse mbuzi kuboma?"

Amuna anga analira ngati mwana. Anati ataona mmene kometa kwazizirira, anaopa kuti msonkho ukakwera sadzaukwanitsa, ndipo mapeto ake adzaika munthu wa lendi m'chipindacho, amayi n'kubwerera kukhitchini kuja. Ndiye wina pampando anawauza kuti khola sililipira.

Mayi woyeza anapukusa mutu. "Bambo, tsiku lija mukanangofunsa. Chipinda chimene mukugona munthu wokalamba wamasiye timachichotsera msonkho. Ndi pa tebulo langa lomwe lija, ndipo sizitenga nthawi."

Amuna anga anakweza mutu. "Pampando sananene zimenezo."

"Safunsa anadya phula," anatero a Ndamva pa kabowo.

Bwana anakhosomola. Anati kugwetsa sangagwetse, chifukwa khonsolo singagwetse chinthu chimene yachipachika yokha pakhoma kuti anthu aphunzirepo. Chindapusa cha bodza chidzakhalapo, chaching'ono. Koma kusintha khola kuti likhale nyumba ndi nkhani ya komiti, ndipo komiti imakumana ikakumana.

"Kufikira tsiku limenelo," anatero, "lino ndi khola. Munthu sangagonemo."

"Munthu ayi," anatero apongozi. "Koma ichi chagwada apachi tachimva tonse chikulira. Bwana, mwa kumva kwanu, chija chinali munthu?"

Bwana anayang'ana amuna anga, anayang'ana mayi woyeza, anakonza tayi.

"Pa zimene ndamva ndi makutu anga, amayi, sindingakutsutseni."

Anapereka satifiketi, anagwirana chanza ndi amuna anga ali chigwadire, galimoto n'kunyamuka.

7

Kuyambira tsiku limenelo apongozi anasamukira kuchipinda kwathu, kugona ndi ine, ndipo amuna anga anasamukira kukhola ndi mphasa yawo. Sutikesi yanga ija ndinaimasula mwakachetechete.

Komiti inachedwa monga mwa komiti. Koma tebulo la madandaulo, ndinene zoona, linagwira ntchito yake mwachangu. Bambo wa magalasi uja anatumiza dokotala wa ziweto, amene anapeza kuti m'mimba mwa mbuzi munalibe mwana, munadzaza mapepala a pulasitiki. Wogulitsa anaitanidwa, anakana, anaonetsedwa umboni, n'kulamulidwa kuti apereke mbuzi ina. Anabweretsa ya bere lenileni. Yakale ija apongozi anakana kuibweza, anati inagwirapo ntchito ya boma, ndipo wogulitsayo sanaifunenso. Pasanapite nthawi yatsopanoyo inabereka awiri. Amuna anga anawalandira ndi manja awo, poti anali pafupi.

Kwa mayi wa nsapato zofiira ndinapita ndekha kukapepesa, pa ofesi pomwe ndinamunyozera, anthu akumva. Ndinamusokera diresi. Anati pa ntchito yake anthu amuthira madzi, amuthamangitsa ndi agalu, koma kumutenga ngati mkazi wolanda amuna a eni kunali koyamba, ndipo kunamukumbutsa kuti akadali wooneka.

Kalata ya komiti inafika mvula yoyamba itagwa. Amuna anga anamanga khola lenileni pansi pa mtengo wa mapeyala, anatsuka chipinda ndi sopo mpaka manja kusupuka, n'kubweza bedi pamsana komaliza. Atatenga chisanza kuti afufute choko chija, apongozi anawagwira dzanja.

"Usiye. Munthu wopusa yekha ndi amene angandichite mbuzi. Koma wondida sakanajambula malo a masilipasi anga."

Zolembazo zilipo mpaka lero, ndipo masilipasi amawavulira momwemo.

Anzanga owerenga, ine si mlangizi, ndine wosoka chabe. Koma onani mmene tinalili m'nyumba mwathu: amuna anga anaopa kufunsa pa tebulo la boma, n'kukhulupirira munthu wometedwa theka la mutu. Ine ndinaopa kufunsa amuna anga mwachindunji, n'kukhulupirira kabowo ka mumpanda. Tonse tinkafuna kusunga nyumba imodzi yomweyo, ndipo tonse tinatsala pang'ono kuigwetsa, wina ndi mbuzi, wina ndi sutikesi. Maofesi aja amaopsa ukakhala panja, koma m'katimo muli anthu, ena mpaka amapatsa mbuzi kadi la alendo. Pitani mukafunse. Ndipo musanaloze munthu chala pagulu, yambani mwayang'ana zimene zapachikidwa pakhoma.

Nthenda ya amuna anga sinatheretu. Nthawi zina amabwerabe madzulo maso akuwala, n'kuyamba kuti, "Pampando lero wina amanena kuti…" Ine sindiyankha. Apongozi ndi amene amaika kapu yawo pansi, n'kuyang'ana kudenga, n'kunena motsitsa kwambiri kuti, "Meee."

Nkhani imathera pomwepo.